SILETI YA KALE NDI SILETI YA TSOPANO



Mwezi uno tafuna kuceza nanu za nkhani imene makolo ambiri alikufunsana pa msika ndi pa bwalo la chalichi potuluka mu Misa. Mwamva kuti Boma lirikugawa m'sukulu za pulaimale timakina tating'ono tochedwa matabuleti, timene tilankhula Cicewa ndi kuphunzitsa ana kuwerenga ndi masamu. Ena akondwa kwambiri, nati umbuli watha tsopano. Ena acita mantha, nati ana athu adzaleredwa ndi citsulo. Enanso angokhala cete, poyesa kuti za sukulu nza aphunzitsi okha. Koma ana amene adzagwira timakinato ndi anu, ndipo Mulungu adzafunsa inu za iwo. Cotero nkoyenera kuti mudziwe bwino kumene zinthuzi zacokera, cimene zikhoza kucita, ndi cimene sizikhoza.

BVUTO LIRI PATI?

M'caka ca 1994 Boma linacotsa ndalama ya sukulu ku pulaimale. Ana analowa ngati madzi osefukira: ciwerengero cao cinakwera kucokera pafupifupi 1,900,000 kufika pafupifupi 3,000,000. Cinali cinthu cabwino, pakuti mwana wa mmphawi anapeza khomo lotseguka. Koma aphunzitsi, zipinda ndi mabuku sizinakwanire, ndipo sizinakwanirebe. Boma lifuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma mudziwa nokha kuti m'sukulu zambiri ana a Sitandade 1 ndi 2 apitirira 100, ena m'cipinda, ena pansi pa mtengo.

Taganizani tsono za nchito ya mphunzitsi wotere. Alemba mau pa bolodi, nawachula, ndipo ana onse abwereza pamodzi mokweza, kotero kuti wopita mu mseu ayesa kuti onse adziwa. Koma m'khamumo ana amene alikuwerengadi ndi ocepa. Enawo angotsata pakamwa pa anzao, monga ticita ife pa nyimbo imene sitiidziwa bwino. Mphunzitsi alibe nthawi yakuitana mwana ali yense payekha. Mwana akhoza kukhala cotero caka cathunthu, ndi cinanso, osadziwika kuti sanagwire kanthu. Akafika Sitandade 5, kumene maphunziro acitika m'Cingelezi, atopa ndi manyazi, nasiya sukulu.

Bvutoli si lathu lokha. M'caka ca 2022 a World Bank ndi anzao anawerengera kuti m'maiko a Afrika a kumwera kwa cipululu ca Sahara, mwa ana 10 a zaka khumi, pafupifupi 9 satha kuwerenga kankhani kakafupi ndi kukamvetsa. Ndipo inu alimi mudziwa mtengo wa umbuli wotere. Wosawerenga aponderezedwa pa sikelo pogulitsa mtedza ndi soya. Sadziwa muyeso wa mankhwala a m'dimba, ngakhale wa mankhwala a mwana wodwala. Ndalama zikabwera pa foni apereka nambala yace yacinsinsi kwa munthu wina kuti amuwerengere. Adinda cala pa kalata ya munda osadziwa mau ace. Pa Mphakati akhala kumbuyo, pakuti buku la mapemphero ndi Mau a Mulungu ziri zotsekeka kwa iye.

MAPHUNZITSIDWE A KALE

Kuphunzitsa sikunayambe ndi sukulu. Makolo athu anali ndi nzeru zao za kaphunzitsidwe. Madzulo agogo anali kusimba nthano, ana nabvomera, ndipo wogona tulo anali kudziwika msanga cifukwa mau ace anali kusoweka. Panalinso zirapi zonola nzeru. Mnyamata anali kuphunzira kusema mpini poona atsibweni ace, nayesa yekha, nalakwa, nayesanso. Mtsikana anali kuphunzira kupeta atagwira licero m'manja mwace, amace ali pambali. M'kaphunzitsidwe aka munali zinthu zitatu: mwana anali kucita yekha, wamkulu anali kuona, ndipo colakwa cinali kukonzedwa nthawi yomweyo.

Pambuyo pace kunadza sukulu za misyoni. A Dutch anakhazikika ku Nkhoma m'caka ca 1896. Abambo athu a White Fathers anamanga ku Mua m'caka ca 1902 ndi ku Likuni m'caka ca 1903, ndipo kucokera m'misyoni imeneyi aphunzitsi anamwazika m'midzi. Kanyumba kamodzi kaudzu kanali sukulu pakati pa sabata ndi chalichi tsiku la Mulungu, ndipo munthu mmodzi yemweyo anali kuphunzitsa zilembo, masamu, nyimbo ndi katekismu. Boma la Atsamunda linacedwa kulowapo: ofesi yace yoyang'anira maphunziro inayamba m'caka ca 1926.

Zida za masiku amenewo zinali zocepa. Ana anali kuyamba kulemba pansi ndi cala, atasalaza dothi ndi cikhato. Kenaka anali kulandira sileti, kathabwa kamwala wakuda kokhala ndi mkombero wamtengo. Musaipeputse sileti. Mwana ali yense anali kulemba ndi dzanja lace, nakweza sileti m'mwamba, ndipo mphunzitsi anali kuona msanga amene walemba b m'malo mwa d. Wolakwa anali kufufuta, nalembanso, popanda kuononga pepala. Ana anali kuyamba ndi a, e, i, o, u, nalumikiza ba, be, bi, bo, bu, kufikira atamanga mau athunthu. Cicewa cikomera njira imeneyi, cifukwa cilembedwa monga cichulidwa. Ambiri a inu mukumbuka buku la Sosa. Ndipo pamene Boma linayamba ndondomeko yatsopano ya kuwerenga m'dziko lonse m'caka ca 2016, linatsamiranso pa maliu a zilembo ndi maphatikizo.

Koma tisaiwale kuti sukulu yakale inali ndi zofooka zace. Kuloweza kunaculuka koposa kumvetsa, ndipo mkwapulo unali pafupi nthawi zonse. Mwana wamantha aloweza msanga, naiwalanso msanga. Yohane Batista de la Salle Woyera, wa ku France, amene anamwalira m'caka ca 1719, anaona zotere m'sukulu za dziko lace. Iye anayamba kuphunzitsa ana a amphawi kuwerenga m'Cifalansa, cinenero ca kwao, m'malo mwa Cilatini. Anawagawa m'magulu monga mwa nzeru zao, nakonza nyumba zophunzitsiramo aphunzitsi. Papa Pius XII anamuika kukhala nkhoswe ya aphunzitsi onse m'caka ca 1950. Ambuye Yezu eni ace anali kuphunzitsa ndi zinthu zimene anthu anali kuziona tsiku ndi tsiku, mbeu, nkhosa, khoka ndi nyali, ndipo kawirikawiri anali kufunsa funso kuti womvera aganize yekha.

MPHUNZITSI WA M'WAILESI

Makina oyamba amene analowa m'makalasi a ang'ono m'dziko lonse anali wailesi. Pofika caka ca 2008 pa MBC panali kumveka maphunziro ochedwa Tikwere, okonzedwa ndi Unduna wa Maphunziro ndi cithandizo ca dziko la America, ndipo anafikira ana a Sitandade 1 mpaka 3. Sukulu zinalandira mawailesi opukusa ndi dzanja kapena oyendera dzuwa. Phunziro linali la theka la ola. Mphunzitsi wa m'wailesi anali kufunsa funso, nakhala cete pang'ono kuti ana ayankhe. Anali kuuza mphunzitsi wa m'kalasi kuti aimike ana awiriawiri, kapena kuti alembe cakuti pa bolodi. Pamene mphunzitsi anali wacangu, kalasi inali kukhala yamoyo. Pamene anali kungotsegula wailesi ndi kutuluka panja, panali phokoso cabe.

M'mwezi wa Marichi caka ca 2020 sukulu zonse zinatsekedwa cifukwa ca mliri wa Covid-19, ndipo zinayamba kutsegulidwanso mu Seputembala. Maphunziro anaikidwa pa wailesi. Koma nyumba zambiri zinalibe wailesi kapena mabatire, ndipo m'nyumba zina munalibe wamkulu wokhazika mwana pansi kuti amvere. Ana ambiri anaiwala zimene anadziwa, ndipo atsikana ambiri sanabwererenso, ena atatenga pakati, ena atakwatiwa. Miyezi imeneyo inationetsa kuti makina agwira nchito bwino pamene pali munthu wowayang'anira, ndi kuti sukulu isunga mwana ku zambiri zimene wailesi singathe kumsunga.

SILETI YOLANKHULA

Tabuleti ifanana ndi sileti pa msinkhu wace, koma nkhope yace ndi galasi lowala. Maphunziro ali m'katimo anakonzedwa ndi bungwe la ku London lochedwa onebillion, ndipo anayesedwa m'boma lathu lomwe lino. M'caka ca 2013, pa sukulu ya Biwi mu mzinda wa Lilongwe, Dr Nicola Pitchford wa ku University of Nottingham anagawa ana a Sitandade 1 mpaka 3 m'magulu. Ena anaphunzira masamu pa tabuleti theka la ola pa tsiku kwa masabata 8, ena anaphunzira monga mwa nthawi zonse. Pakutha pace ana a tabuleti anapambana anzao pa mayeso a masamu. Pambuyo pace bungwe la VSO linafikitsa nchitoyi m'sukulu zina, ndipo m'caka ca 2023 Unduna wa Maphunziro, pamodzi ndi mabungwe awiriwa ndi lina lochedwa Imagine Worldwide, unayamba ndondomeko yochedwa BEFIT. Unayamba ndi sukulu 500, ndi colinga cakuti pofika caka ca 2029 ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse za Boma, pafupifupi 6,000, akhale atafikiridwa.

Kagwiridwe kace nkotere. Pa nthawi yoikika ana alandira matabuleti mosinthana, nabvala zomvera m'makutu. Pa galasi paoneka cithunzi ca mphunzitsi wamkazi, dzina lace Alefa, amene alankhula Cicewa. Aonetsa cilembo, nachula liu lace, nauza mwana kuti acilondole ndi cala. Aonetsa zinthu zoti awerenge ndi kuziika m'magulu. Mwana akakhoza, makina amuuza pomwepo, napita naye patsogolo. Akalakwa, amubwezera kuti ayesenso. Wofulumira sadikira anzace, ndipo wocedwa sasekedwa. Matabuletiwa safuna intaneti, ndipo moto wace ucokera ku dzuwa, pa magalasi a sola oikidwa pa denga la sukulu. Ici ncofunika kwathu kuno, pakuti kalembera wa caka ca 2018 anapeza kuti mwa nyumba 100 ziri zonse m'Malawi, monga 11 zokha zinali kuunikira ndi magetsi.

Mwaona tsono kuti cinsinsi ca tabuleti si cacilendo. Ndi zinthu zitatu zomwe zija za agogo ndi za sileti: mwana acita yekha, nchito yace ionedwa, colakwa cikonzedwa msanga. Izi ndizo zimene mphunzitsi mmodzi sangathe kucitira ana 100, ndipo apa ndipo makina amuthandiza.

ZIMENE MAKINA SANGATHE

Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Nkoyenera kuyang'ananso m'kati.

Tabuleti sidziwa kuti mwana wabwera osadya. Sidziwa kuti uyu alikunjenjemera ndi malungo, kuti uyo saona bwino, kapena kuti winayo wasowa masiku atatu cifukwa mtsinje wadzala. Singafunse mtsikana cimene cikumliza. Singaphunzitse mwana kupepesa, kukhululukira, kugawana ndi mnzace, kapena kunena zoona pamene bodza likadampulumutsa. Izi mwana aziphunzira poona munthu amene azicita. Singaphunzitsenso dzanja kugwira pensulo, cifukwa cace kope ndi bolodi ziyenera kukhalapobe. Bungwe la UNESCO, m'lipoti lace la caka ca 2023 lonena za makina m'maphunziro, linacenjeza maiko kuti makina akhale othandiza mphunzitsi, asalowe m'malo mwace.

Ndiponso makina afa. Galasi lisweka, batire ikalamba, fumbi la mwezi wa Okutobala lilowa pali ponse, ndipo mbala zikonda sola ndi mabatire. Sileti ikasweka anali kulira mwana mmodzi. Sola ikabedwa pa sukulu, ana mazana abwerera pamene anali.

MAU A EKLEZIA

Eklezia saopa nzeru zatsopano, pakuti nzeru zonse zabwino zicokera kwa Mulungu. Papa Pius XI anatsegula wailesi ya ku Vatican pa 12 Febuluwale 1931, yomangidwa ndi Guglielmo Marconi. Kwathu kuno makina osindikizira a ku Likuni anatipatsa mabuku a mapemphero ndi a nyimbo m'cinenero cathu, ndipo mumva Misa ndi Korona pa Radio Maria ndi pa Radio Alinafe. Mnyamata wa ku Italy, Carlo Acutis, amene anamwalira m'caka ca 2006 ali ndi zaka 15, anagwiritsa nchito kompyuta pofalitsa mbiri ya zozizwitsa za Ukaristia, ndipo Papa Leo XIV anamlemba m'gulu la oyera pa 7 Seputembala 2025.

Koma Eklezia yemweyo aphunzitsa kuti udindo woyamba wa kulera ndi kuphunzitsa ana uli pa makolo. Papa Pius XI analemba cotero m'kalata yace ya caka ca 1929 yonena za maphunziro acikristu, ndipo Msonkhano Waciwiri wa ku Vatican unabwerezanso m'caka ca 1965. Boma lithandiza, mphunzitsi athandiza, makina athandiza, koma amene munalonjeza pa tsiku la ubatizo wa mwanayo ndinu.

NCHITO YANU INU MAKOLO

Coyamba, tumizani mwana ku sukulu tsiku liri lonse. Tsiku la msika wa Mitundu si tsiku lopuma sukulu, ngakhalenso nyengo ya kusoka fodya, ya kukumba mtedza, kapena ya kuthirira tomato ku dimba. Mbuzi ndi ng'ombe zipezereni mbusa wina m'mawa. Maphunziro a tabuleti akwera ngati makwerero, ndipo wojomba atsala pansi.

Caciwiri, asacoke ndi njala. Phala lija latenga dzina la Likuni ndi la cimanga ndi soya, mbeu zomwe mulima inu. Ngakhale mbatata yootcha kapena mtedza wokazinga zithandiza mutu wa mwana.

Cacitatu, muyeseni madzulo. Musanene kuti ine sindinapite ku sukulu. Muuzeni atsegule buku, nimuloze ndi cala mzere wa pansi kuti ayambire pamenepo, kapena phimbani cithunzi ndi dzanja. Akatha kuwerenga poyambira pamwamba pokha, waloweza cabe. Mpatseni thumba la feteleza kapena bokosi la macesi kuti achule zilembo zace. Salazani dothi pakhomo kuti alembe dzina lace ndi lanu. Mtumeni awerenge nkhuku, mizere ya m'munda, ndi cenji ca ku golosale. Wamkulu wa Sitandade 6 awerengere mng'ono wace, ndipo tsiku la Mulungu mmodzi wa ana awerenge Mthenga Wabwino pamaso pa banja lonse.

Cacinai, sungani katundu wa sukulu monga musunga nkhokwe yanu. Mafumu, komiti ya sukulu, gulu la amai ndi Miphakati apangane za ulonda ndi za citseko colimba. Mkristu asagule sola kapena batire imene sadziwa kumene yacokera, pakuti wogula zakuba ali pamodzi ndi wakubayo m'chimo lace, ndipo apa wobedwa ndi mwana. Musaumirize aphunzitsi kuti akuikireni mafoni pa moto wa sukulu, cifukwa moto umenewo ngwa ana.

Cacisanu, lemekezani mphunzitsi. Musamnyoze pamaso pa mwana, ndipo musayese kuti nchito yace yacepa cifukwa kwabwera makina. Pitani mukamfunse kuti, mwana wanga wafika pati? Pa misonkhano ya makolo funsaninso ngati matabuleti alikugwira nchito masiku onse, ndi ngati ana onse alikulandira nthawi yao, atsikana ndi anyamata, olumala ndi alunga. Safunsa anadya phula.

Cacisanu ndi cimodzi, siyanitsani tabuleti ya sukulu ndi foni ya m'thumba. M'tabuleti muli maphunziro osankhidwa. M'foni ya intaneti ndi m'nyumba za kanema pa misika muli zabwino ndi zonyansa pamodzi, ndiponso juga imene yameza ndalama za anyamata ambiri. Simupatsa mwana wamng'ono cikwanje kuti asewere naco yekha. Musampatsenso foni popanda diso lanu.

Ndipo m'zonsezi musaleke katekismu ndi mapemphero a madzulo. Mwana wodziwa kuwerenga koma wosaopa Mulungu adzawerengera ena molakwa dala kuti awadyere.

Kuyambira pa Sinodi imene Ambuye Patrick Kalilombe anacititsa mu dayosizi ya Lilongwe m'zaka za 1973 mpaka 1975, taphunzira kusenzera pamodzi nchito za Eklezia m'Miphakati. Tipempha kuti mwezi uno Mphakati uli wonse uwerenge ana a m'nyumba zace amene afika zaka 6, nuone ngati onse alembedwa ku sukulu, nufunse za amene asiya. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mmera mpoyamba: zaka zinai zoyamba za sukulu zikapita pacabe, nkobvuta kuzibweza.

Pa mapemphero a m'banja kumbukirani aphunzitsi a sukulu yanu, muwachule maina ao. Yohane Batista de la Salle Woyera awapempherere, ndipo Maria Woyera ndi Yosefe Woyera, amene analera Mwana Yezu ku Nazareti, asunge ana anu onse.